Tinatenga ngongole ya nyumba tili awiri: dzina la mmodzi lingachoke bwanji?

Mwezi uno talandira makalata angapo okamba nkhani imodzi, ya anthu amene anatenga ngongole ya nyumba ali awiri ndipo tsopano akufuna kuti dzina la mmodzi lichoke kapena dzina lina lilowe. Tasankhapo atatu, tawafupikitsa ndi kuchotsamo mayina a eni ake.

FUNSO: Alangizi, ine ndi bambo a ana anga tinatenga ngongole kubanki mu 2017 n'kugula nyumba ku Area 25 mu Lilongwe. Mayina athu tonse awiri ali pa mapepala a nyumbayo komanso pa pangano la ngongole, chifukwa malipiro a munthu mmodzi sankakwanira kuti banki itipatse ndalama zimene tinkafuna. Banja lathu linatha chaka chatha, ndipo pamaso pa ankhoswa a mbali zonse tinagwirizana kuti iwo atsale m'nyumbamo ndi kupitiriza kubweza ngongole, ndipo gawo langa azindipatsa pang'onopang'ono. Tinalemberana kalata, ankhoswa n'kusayinira. Koma mwezi wathawu banki inandiimbira foni kuti papita miyezi iwiri osalipira, ndipo nditakapempha ngongole yaing'ono ya fizi kubanki ina anandikaniza, amvekere ndili ndi ngongole yosabweza. Ndichite chiyani kuti dzina langa lichoke? Mayi wa ku Lilongwe.

YANKHO: Pepani kwambiri mayi ndi zimene mwakumana nazozi. Ndiyamba ndi mawu amene sakukondweretsani, koma ndi amene akuonetseni poyambira. Kubanki inu mukadali mwini ngongoleyo monga momwe munalili tsiku limene munasayinira mu 2017. Kalata imene munalemberana pamaso pa ankhoswa ndi yofunika ndipo muisunge bwino, chifukwa ndi umboni wa zimene inu awiri munagwirizana, koma banki sinalipo pa zokambiranazo ndipo sinasayinire nawo, choncho kalatayo ilibe mphamvu pa iyo. Pangano la ngongole yotenga anthu awiri kawirikawiri limanena kuti aliyense wosayinira ali ndi udindo wobweza ngongole yonse, osati theka lokha. N'chifukwa chake bambowo atalephera kulipira foni inalira kwa inu, ndipo banki ikhoza kukuitanitsani ndalama zonse zotsala ngakhale kuti m'nyumbamo munatulukamo kalekale. Kukanizidwa ngongole ya fizi kwachokeranso pomwepo, pakuti pansi pa lamulo la Credit Reference Bureau Act la mu 2010 mabanki amapereka mbiri ya angongole awo ku mabungwe osunga mbiri yotere, ndipo mwezi wosalipira umadetsa mayina a onse amene anasayinira.

Anthu ambiri amayesa kuti kusintha dzina ndi ntchito imodzi, pamene pali zinthu ziwiri zosiyana zimene zimasungidwa ku maofesi awirinso osiyana. Umwini wa nyumba unalembedwa m'kaundula wa malo ku Unduna wa za Malo, pamene pangano la ngongole lili kubanki. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi chikole, chifukwa banki inakalembetsa m'kaundula muja kuti nyumbayo ndi chikole chake mpaka ngongole itatha, ndipo chikolecho chikadalipo umwini susunthika popanda chilolezo cha banki. Apa mpamene ndikupemphani kuti mukhale tcheru kuposa pena paliponse. N'zotheka ndithu kuti banki ivomere zoti umwini upite kwa bambowo okha, koma inu n'kukusiyanibe pa ngongole, kapena n'kukulembani ngati munthu wodzalipira iwo akadzalephera. Zikatero mwataya nyumba koma ngongole mukadali nayo, ndipo palibenso chogwirira kuti mudzalandire gawo lanu. Musasayinire pepala lililonse losamutsa umwini, kaya kalata yopatsa wina mphamvu yokusayinirani, mpaka mutagwira m'manja kalata ya banki yonena poyera kuti yakumasulani pa ngongoleyo, komanso gawo lanu mutalandira kapena litatetezedwa m'njira imene loya wanu wakhutira nayo. Loyayo akhale wanu, osati yemweyo amene akuimira bambowo.

Nanga banki imamasula munthu pa zifukwa ziti? Kumbukirani zimene mwalemba nokha, kuti inakupatsani ngongoleyo chifukwa malipiro anali a anthu awiri. Kuti ichotse dzina lanu iyenera kukhutira kuti munthu mmodzi wotsalayo angathe kusenza yekha, choncho idzamuunika ngati munthu amene akupempha ngongole koyamba. Idzafuna timapepala ta malipiro ake, kalata ya kuntchito, momwe ndalama zayendera mu akaunti yake miyezi yapitayi, ngongole zina zimene ali nazo, zaka zimene zatsala kuti apume pa ntchito, ndiponso mtengo wa nyumbayo lero. Ikakhutira, imalemba pangano latsopano m'dzina lake lokha, kapena kumupatsa ngongole ina yotsekera yakaleyo. Ikakana, bambowo akhoza kukayesa kubanki ina kuti iwapatse ndalama zolipirira yoyambayo, chikole chakale n'kufufutidwa m'kaundula, chatsopano n'kulembetsedwa. Palibe lamulo lokakamiza banki kuti ivomere, ndipo kunena zoona, sindikuona banki ikuthamangira kumasula munthu wachiwiri pa ngongole imene yayamba kale kudumpha miyezi. Chiwongoladzanja nachonso chakwera kwambiri poyerekeza ndi zaka zingapo zapitazo. Mu February 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezerapo yawo pobwereketsa anthu. Ngati bambowo akuyenera kubwerekanso ndalama zina zokulipirani gawo lanu, zimene azidulidwa pamwezi zidzakula kwambiri, ndipo malipiro a munthu mmodzi mwina sangafikepo.

Pa chifukwa chimenechi ndikuona kuti muyenera kuganiziranso njira zina ziwiri zimene pamaso pa ankhoswa simunazikambe. Ngati malipiro anu ndi okhazikika ndipo ana ali kwa inu, palibe choletsa kuti inuyo ndi amene mutenge nyumbayo ndi ngongole yake, bambowo n'kulandira gawo lawo. Ngati pakati pa inu awiri palibe amene angakwanitse yekha, kugulitsa nyumbayo nokha kuli bwino kusiyana ndi kudikira kuti banki igulitse. Lamulo la Registered Land Act limapatsa banki mphamvu yogulitsa chikole ngati wangongole sakulipira, ikapereka kaye chidziwitso cholembedwa ndi kudikira miyezi itatu. Cholinga cha banki pogulitsa chimakhala kubweza ndalama zake, ndipo pa ndalama zogulitsirazo pamachotsedwanso chiwongoladzanja chimene chawunjikana, zolipira maloya ndi ogulitsa, moti zotsalira eni nyumba zimachepa. Zikapanda kukwana kutseka ngongole, yotsalayo imakhalabe pa mayina anu nonse awiri. Ndikudziwa kuti n'kowawa kugulitsa nyumba imene ana akuliramo, koma pogulitsa nokha mumakhala ndi nthawi yodikira wogula wa mtengo wabwino.

Tikambeko za gawo lanu, chifukwa m'kalata yanu simunatchule kuti linawerengedwa bwanji, ndipo zimenezi zikundidetsa nkhawa. Gawolo lisawerengedwe pa mtengo umene munagulira mu 2017, kapena pa ndalama zimene inu munadulidwa pa malipiro. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti ndi malata zinakwera mtengo, ndipo nyumba imene munagula nthawi ija lero ili pa mtengo wina. Pezani katswiri wovomerezeka wowerengera mitengo ya nyumba, amene nonse awiri mwamuvomereza, kenako pemphani kubanki kalata yosonyeza ndalama zonse zotsekera ngongole pa tsiku limenelo. Tiyerekeze kuti katswiriyo wapeza K120 miliyoni ndipo ngongole yotsala ndi K30 miliyoni; chogawana ndi K90 miliyoni, ndipo ngati mugawana mofanana aliyense ali ndi K45 miliyoni. Ndalama zotere zikamabwera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, popanda tsiku lomalizira, zimafika zitatha mphamvu, choncho pangano lanu litchule masiku olipirira ndi chimene chidzachitike wolipirayo akadzalephera. Gawo 24 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa mayi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali naye limodzi ndi mwamuna wake banja likatha, ndipo lamulo la Marriage, Divorce and Family Relations Act la mu 2015 limauza bwalo la milandu kuti pogawa katundu liwerengenso ntchito za pakhomo zimene munthu ankagwira, osati ndalama zokha.

Ngati banja lanu silinathetsedwe kukhothi, kapena linathetsedwa koma za nyumba sizinagamulidwe, tengani zimene mwagwirizanazo mukazisandutse chigamulo cha bwalo. Nkhani ya nyumba ya mtengo wotere kawirikawiri imakafika ku bwalo lalikulu la milandu, limene lili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Ubwino wa chigamulo ndi wakuti mungabwerere nacho kubwalo ngati bambowo sakuchitsatira, ndipo chikhoza kunena kuti akalephera kupeza ngongole m'dzina lawo pofika tsiku lakuti, nyumbayo igulitsidwe. Koma dziwani kuti ngakhale chigamulo chimenecho chimamanga inu awiri. Pangano lanu ndi banki silifufutika mpaka banki yomweyo itavomera kapena ngongole itatha.

Banki ikavomera, zotsala ndi za maloya ndi ku Unduna wa za Malo. Ngati malowo ndi a lizi, pamafunika chilolezo cha mwini malo, kaya ndi boma, khonsolo ya mzinda kapena Malawi Housing Corporation, ndipo chilolezocho sichituluka pali ngongole ya lendi ya malo. Msonkho wa nyumba wa kukhonsolo uyenera kukhala wolipira, ku MRA kumafunika chiphaso chosonyeza kuti misonkho ili bwino, ndipo pepala losamutsa umwini limalipiridwa msonkho wa sitampu lisanalembetsedwe. Gwirizanani pasadakhale, m'malemba, kuti zonsezi alipira ndani.

Zimenezi zimatenga miyezi, pamene ngongole ikukula sabata ino. Lemberani banki kalata, osati foni yokha, yoidziwitsa kuti banja linatha, kuti chidziwitso chilichonse chokhudza ngongoleyi chizifikanso kwa inu, ndiponso kuti simukuvomereza kuti wina abwerekenso ndalama pa chikole chomwecho. Kafufuzeninso m'kaundula wa malo kuti muone zonse zimene zalembedwa pa nyumbayo. Ngati mungakwanitse kulipira miyezi iwiri yotsalirayo kuti muteteze dzina lanu, lipirani kudzera ku akaunti yanu ndi kusunga malisiti, kuti ndalamazo zidzawonjezeredwe pa gawo lanu. Ngati ndalama za loya zikuvuta, pitani ku Legal Aid Bureau mukafotokoze.

FUNSO: Ndimakhala ku Leeds, ku England. Mu 2019 ndinagula nyumba limodzi ndi mchemwali wanga chifukwa ndekha sindikanakwanitsa. Tsopano ndakwatira, mchemwali akufuna kukagula yake, ndipo tagwirizana kuti dzina lake lichoke, m'malo mwake mulowe la akazi anga. Palibe mkangano uliwonse. Kodi sitingangolembera banki kalata kuti isinthe mayina? Bambo wa ku Leeds.

YANKHO: Achimwene, n'zokondweretsa kuti inu ndi mlongo wanu mwamvana, koma kalata yokha siikwanira. Kumeneko ntchitoyi amaitcha transfer of equity, ndipo imayambira kwa amene anakubwereketsani ndalama. Iwo adzaunika malipiro anu ndi a akazi anu, mbiri yanu ya ngongole nonse awiri, komanso chilolezo cha akazi anu chokhalira m'dzikomo ngati anabwera posachedwa, chifukwa mabanki ena amayang'ana kwambiri zimenezo. Akavomera, loya woona za nyumba amadzaza fomu yosamutsira umwini yotchedwa TR1, nonse atatu n'kusayinira, kenako amaitumiza ku HM Land Registry kuti kaundula asinthidwe. Akakana, mukhoza kusamukira kubanki ina, koma yambani mwafunsa ngati mukadali m'zaka za chiwongoladzanja chosasintha, pakuti kutuluka nthawiyo isanathe kumakhala ndi chindapusa chimene nthawi zina chimakhala chachikulu.

Chimene anthu ambiri amadzidzimuka nacho ndi msonkho wa Stamp Duty Land Tax. Ngakhale mlongo wanu atapanda kulandira ndi khobidi lomwe, gawo la ngongole limene mukumulandira limawerengedwa ngati ndalama zogulira, ndipo limaphatikizidwa ndi ndalama zilizonse zimene mungamupatse. Kuyambira pa 1 April 2025 msonkhowu umayamba kulipiridwa ndalamazo zikapitirira £125,000. Anthu amene akugawana nyumba chifukwa cha kutha kwa banja sakhudzidwa ndi msonkhowu, koma mwayi umenewo sufika kwa munthu ndi mlongo wake. Pali chinanso chimene chimakhudza Amalawi ambiri okhala kunja: malamulo a msonkhowu amawerenganso nyumba zimene munthu ali nazo kunja kwa Britain, choncho ngati inu kapena akazi anu muli ndi nyumba ku Blantyre, ku Mzuzu kapena kwina kulikonse, muuzeni loyayo poyamba pomwe kuti aone ngati msonkho wowonjezera ukukukhudzani.

Pa fomu yomweyo mudzafunsidwa momwe inu ndi akazi anu mukufunira kukhalira eni nyumbayo. Mukasankha kukhala joint tenants, mmodzi akamwalira nyumba yonse imatsala ndi mnzake. Mukasankha tenants in common, aliyense amakhala ndi gawo lake lodziwika, limene angalisiyire amene wafuna kudzera mu wilo. Ngati muli ndi ana amene munabereka musanalowe m'banjali, kapena pali ndalama za abale zimene zinalowa pogula nyumbayo, khalani pansi ndi akazi anu mukambirane zimenezi musanakafike kwa loya. Mlongo wanunso asapereke dipoziti ya nyumba yake mpaka ataona kalata yomumasula pa ngongole yakaleyi, chifukwa dzina lake likadalipo, banki imene akupitako idzamuwerengera ngongole yonse ya nyumba yanu ngati yake. Awerengi a ku Scotland adziwe kuti kumeneko kaundula ndi msonkho ndi zina, ndipo a ku South Africa ntchito yofanana ndi imeneyi imachitika pansi pa gawo 57 la Deeds Registries Act ya mu 1937, nakonso pokhapokha banki itavomera.

FUNSO: Amuna anga anatisiya miyezi inayi yapitayo. Nyumba yathu ya ku Zomba tinagula pa ngongole ya tonse awiri, ndipo yatsala zaka zisanu ndi chimodzi kuti ithe. Alamu anga akunena kuti theka la malemu ndi la kubanja kwawo, ndipo akufuna dzina la mmodzi wa iwo lilowe pa mapepala. Ndikuopa kupita kubanki, mwina angandilande nyumba akamva za imfayi. Mayi wamasiye wa ku Zomba.

YANKHO: Pepani mayi chifukwa cha zovutazi, Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi ana. Kubanki pitaniko msanga, mutatenga chiphaso cha imfa ndi mapepala onse a ngongole amene muli nawo. Mabanki ambiri popereka ngongole ya nyumba amafuna kuti wobwereka akhale pa inshuwalansi ya moyo, imene imalipira ngongole yotsala kapena gawo lake munthuyo akamwalira. Funsani ngati ngongole yanu inali nayo, ngati inkakhudza nonse awiri kapena mmodzi, ndiponso ngati inkalipiridwa mpaka nthawi ya imfayo. Inshuwalansi zotere zimakhala ndi nthawi yoikika yoperekera chidziwitso, choncho kuchedwa ndi kumene kungakupwetekeni. Imfa payokha sichifukwa choti banki ilande nyumba ngati ngongole ikulipiridwa, ndiye musaleke kulipira pamene mukudikira yankho la a inshuwalansi.

Za theka la malemu, yankho lili m'kaundula wa malo, ndipo mukafufuza mudzaona momwe umwini wanu unalembedwera. Lamulo la Registered Land Act limasiyanitsa eni ake olembedwa ngati joint proprietors ndi olembedwa ngati proprietors in common. Ngati ndinu a mtundu woyambawo, nyumba yonse inatsala ndi inu pa tsiku limene amuna anu anamwalira, ndipo chofunika ndi kungopereka umboni wa imfa kuti dzina lawo lichotsedwe m'kaundula. Siilowa n'komwe pa chuma cha masiye chogawana. Ngati ndinu a mtundu wachiwiriwo, gawo la malemu limayendetsedwa motsatira wilo yawo, ndipo ngati sanasiye wilo, lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la mu 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi amene ankadalira malemuyo. Lamulo lomwelo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu.

Alamu anu muwalandire mwaulemu monga abale a ana anu, ndipo muwauze kuti nkhaniyi mwaipereka m'manja mwa banki ndi a zamalamulo. Dzina la munthu wina silingalowe pa ngongole popanda banki kumuunika, ndipo silingalowe pa gawo lanu la nyumba popanda inu kusayinira. Mapepala a nyumba, chiphaso cha imfa ndi kalata ya ukwati muzijambulitse, zenizenizo mukazisungitse kwa munthu wodalirika kunja kwa nyumbayo, ndipo ngati wina ayamba kukukakamizani kusayinira kapena kukuopsezani kuti musamuke, kanenani kupolisi ya kwanuko ndi ku ofesi ya Administrator General, yoyang'anira chuma cha masiye, kapena kwa bwanamkubwa wa boma lanu.